Momwe mungachitire girini ya gofu ikayamba kukana madzi

Mwezi wa Okutobala ndi umene umaulula magirini odwala (girini ndi malo a kapinga wometedwa mosalala ozungulira dzenje lolowetsamo mpira). Mwathirira usiku, koma pofika masana pali zigamba zotuwa, kapinga wafota, ndipo mukaponda udzuwo sudzukanso. Ambiri amangowonjezera madzi. Musanatero, tengani mpeni mukumbe pachigambapo. Mupeza fumbi lokhalokha, pamene chapafupi pomwepo nthaka ndi yonyowa bwinobwino. Nthaka yapachigambapo ikukana madzi, ndipo ngakhale mutathira ochuluka bwanji amangolambalala.

Udzu ndi mizu zikamawola, komanso mafangasi akamakula m'nthaka, zimasiya zinthu zonga phula zimene zimakuta mchenga. Mchengawo ukaumitsa, madzi amangoyandama pamwamba ngati pa tsamba la koko. Magirini omangidwa ndi mchenga, monga aja otsatira njira ya USGA, bungwe la gofu la ku America, yomwe inatuluka koyamba mu 1960, ndi amene amavutika kwambiri, makamaka m'masentimita asanu apamwamba.

Choyamba, yezani

Musagule kanthu musanayeze. Dulani kachidutswa ka nthaka kozama masentimita 10, kagonekeni pamthunzi mpaka kaumiretu. Kenako donthezani madzi sentimita iliyonse kuyambira kumene kuli udzu, wotchi ili m'manja. Dontho likalowa pasanathe masekondi 5, nthakayo ili bwino. Likatenga pakati pa masekondi 5 ndi 60, vuto layamba. Likapitirira mphindi imodzi ndiye kuti lakula, ndipo likakhalabe lozungulira ngati mkanda patatha mphindi 10, girini imeneyo yafika poipa. Ine kuyeza kumeneku ndimakukonda chifukwa kumakuuzaninso ngati cholakwa ndi china. Dontho likalowa msanga koma kapinga n'kumaumabe, kaonetsetseni makina othirira kapena mizu.

Chachiwiri, sankhani mankhwala oyenera

Mankhwala othandiza nthaka yokana madzi amatchedwa wetting agent. Kachigawo kalikonse ka mankhwalawa kali ndi mbali ziwiri: ina imakakamira ku phula lija, ina imakoka madzi. Ena anapangidwa kuti madzi azilowa msanga, ena kuti chinyezi chizikhalitsa kumizu. Pa girini yamchenga m'chilimwe, amtundu wachiwiriwa ndi amene amathandiza kwambiri.

Chonde, musathire sopo wa ufa kapena wotsukira mbale. Ndikudziwa kuti thumba likapyapyala maganizowa amabwera, pajatu mankhwalawa amachokera kunja ndipo mtengo wake ndi wowawa. Koma sopoyo angathe kuwaula kapinga, ndipo mphamvu yake sikhalitsa.

Chachitatu, yambani msanga

Kwathu kuno, kaya bwalo lili ku Lilongwe, ku Limbe kapena ku Mulanje, mvula imasiya cha mu Epulo ndipo dzuwa limayamba kuswa mtengo mu Seputembala. Poperani koyamba mu Ogasiti nthaka isanaumitse, n'kumabwereza monga mwalembedwera pachigubu, nthawi zambiri kamodzi pamwezi, mpaka mvula itakhazikika. Kuteteza chigamba n'kosavuta poyerekeza ndi kuchinyowetsanso chitauma kale.

Chachinayi, bayani, poperani, thirirani

Pamene pauma kale, yambani mwabaya timabowo ndi makina kapena foloko kuti mankhwala apeze polowera. Dziwani kukula kwa girini yanu, muyeze mankhwala ndendende. Kupyoza muyezo sikufulumizitsa kanthu. Ngati ndi mtundu umene simunaugwiritsepo, yesani kaye pakona. Poperani m'mamawa dzuwa lisanakwere, kenako thirirani nthawi yomweyo kuti mankhwala achoke pamasamba atsikire m'nthaka. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: wopopera wamaliza, wothirira wapita kaye kukamwa tiyi, pobwera masamba apsa. Anthu awiriwa aziyendera limodzi.

Zigamba zamakani zithirireni ndi payipi pamanja. Nyowetsani pang'ono, pitani girini ina, mubwerere pakatha mphindi zingapo mudzathirenso. Madzi achiwiriwo ndi amene amalowa. Pali wetting agent wina wouma ngati chibulumwa amene amaikidwa kukamwa kwa payipi, ndipo amathandiza pa ntchito imeneyi.

Chachisanu, chepetsani udzu wakufa

Mankhwala ambiri a mtunduwu sachotsa phula lija, amangothandiza madzi kulidutsa. Gwero lake ndi chiunjiko cha udzu wakufa chimene chimakhala ngati matiresi pansi pa kapinga. Nthawi yamvula, kapinga akamakula mwamphamvu n'kumachira msanga, palani chiunjikocho, bayani mabowo, muwaze mchenga woyera pang'onopang'ono. Fetereza wa nayitirojeni musachulutse, chifukwa amawonjezera udzu wakufawo.

Pakatha milungu iwiri kapena itatu mutapopera, dulaninso kachidutswa pamalo omwe aja, muumitse, mudonthezenso madzi. Lembani masekondiwo m'kope pamodzi ndi nambala ya girini ndi tsiku, kuti Ogasiti wa chaka chamawa mudzadziwe girini yoyambira.