Amene muli ndi vuto la impso, yang'aniraninso mtima

Abale amene munauzidwa kuti impso zikufooka, musamangoopa dialysis yokha (kusefa magazi ndi makina), ambiri chimawatenga ndi mtima kapena sitiroko asanafike nkomwe pa makinawo. Impso zikamalephera kusefa, phosphate (chinthu china chomwe thupi limapeza m'zakudya) imachuluka m'magazi nkugwirana ndi calcium, zimakakamira m'mitsempha ya magazi mpaka kuuma gwa, ndiye BP imangokwera mtima nkumapopa movutikira. Yezetsani BP pafupipafupi olo mukumva bwinobwino, mankhwala osadumphitsa. Mchere chepetsani, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati osafika magalamu 5 patsiku, kasipuni katiyi kamodzi basi, kuwerengera ndi wa mu soseji ndi tima cube tothira mundiwo tija. Brufen ndi diclofenac (mankhwala opha ululu) zongogula nokha ayi ndithu, zimapweteka impso. Mapazi akayamba kutupa kapena mukubanika mukagona, thamangani kuchipatala tsiku lomwelo.