Kimchi ya kabichi wa pa Lizulu: kukonza zakudya zimene oimba a ku Korea amadya

Achinyamata a kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu amene amatsatira oimba a ku South Korea pa foni anawaonapo ali pa tebulo, akudya. Jin wa gulu la BTS anali ndi pulogalamu yakeyake, Eat Jin, yongodya pamaso pa kamera basi. Mukayang'anitsitsa matebulo oterewa mupeza kuti zakudya zake n'zomwezomwezo: mpunga, msuzi, nyama kapena dzira, ndi timbale ting'onoting'ono ta ndiwo. Pa timbaleto pali kamodzi kamene sikasowa, ka masamba ofiira psuu otchedwa kimchi. Ameneyu ndi kabichi wothira mchere, tsabola, adyo ndi jinja, n'kumusiya masiku angapo kuti asase. Kwawoko amadya aliyense, wolemera ndi wosauka yemwe, ndipo mwambo wa kimjang, wothandizana kukonza kimchi ya nyengo yozizira, unalembedwa m'kaundula wa UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, mu 2013.

Pafupifupi zonse zofunika zimapezeka pa Lizulu, pa Tsangano kapena pa Bembeke. Kuzizira kwa kumapiri kuno nakonso n'kothandiza, chifukwa kimchi imakoma ikasasa pang'onopang'ono. Zimene zimasasitsa ndi tizilombo tabwino ta mtundu womwe uja umasandutsa mkaka kukhala chambiko. Timakhala kale pa masambapo, ndipo ntchito yanu ndi kutipatsa mchere wokwanira ndi malo ozizira kuti tigonjetse tizilombo tooletsa chakudya. Kimchi ikakanika, kawirikawiri vuto limakhala pa ziwirizi.

Masamba ndi mchere

Ku Korea amagwiritsa ntchito baechu, kabichi wamtali wa nthiti zoyera zonenepa. Chayinizi wathuyu ndi m'bale wake, koma masamba ake ndi opyapyala ndipo sachedwa kufota. Kwa woyamba, kabichi wozungulira wamba ndiye wabwino: ndi wolimba, amakhalitsa, ndipo a ku Korea nawonso amakonza naye kimchi. Sankhani mutu wolemera, wothinana, wa makilogalamu 2. Tayani masamba atatu kapena anayi akunja, poti ndi amene amalandira mankhwala opopera kudimba. Kenaka thotholani masamba awiri abwino athunthu, muwasunge pambali.

Musawaze tosalala ngati wa ndiwo. Dulani zidutswa za masentimita 4 mbali zonse, chitsinde cham'kati muchichotse. Ikani mu beseni la pulasitiki, wazani kapu imodzi ya madzi, kenaka mchere magalamu 100. Ngati mulibe sikelo, amenewo ndi masupuni aakulu 6 a mchere wamibulu, kapena 5 a wosalala. Sakanizani ndi manja, ndipo muzitembenuza pakatha mphindi 30 zilizonse kuti zapamwamba zipite pansi pamene pali madzi amchere.

Kabichi amafuna maola awiri kapena atatu, chayinizi ola limodzi lokha. Koma musadalire wotchi. Tengani chidutswa chokhuthala, cha pafupi ndi chitsinde, muchipinde. Chikathyoka kuti thyo, sanakwane. Chikapindika bwinobwino osathyoka, wakwana. Apa ndi pamene ambiri amafulumira, ndipo kabichi wosakwana mchere amadzatulutsa madzi ambiri m'botolo, n'kusukuluka, n'kufewa.

Tsukani katatu m'madzi oyera, mulawe. Mchere wake uzimveka wopitirira pang'ono pa wa ndiwo, koma woti mungathe kutafuna chidutswa chonse osakwinya nkhope. Ukachuluka, vikani mphindi 10 n'kutsukanso. Khuthulirani mu lichero kapena mu sefa, mupendeketse, madzi akhe kwa mphindi 30.

Zokometsera

Ku Korea amathira msuzi wa nsomba zosasitsa ndi tinkhanu tam'nyanja tamchere. Kuno usipa wouma umagwira ntchito imeneyo bwino ndithu. Tengani wodzadza dzanja limodzi, ngati magalamu 30, muchotse mitu ndi matumbo, chifukwa n'zimene zimawawitsa msuzi. Wiritsani m'makapu awiri a madzi kwa mphindi 15, musefe, nsombazo mudyere zina. Mu kapu imodzi ya msuziwo, utazirala, sungunulani masupuni awiri a ufa wa mpunga. Mpunga wosinja mu mtondo n'kusefa ukwanira, ndipo fulawa nayenso amatheka. Bwezerani pa moto wochepa, mukutakasa, mpaka pakhale kaphala kopyapyala konyezimira. Thirani supuni imodzi ya shuga ndi kasupuni kamodzi ka mchere. Kaphalaka kamamatiza tsabola ku masamba komanso kamadyetsa tizilombo tosasitsa tija. Kazizire kaye kotheratu musanathiremo china chilichonse.

Sinjani pamodzi mano 12 a adyo, jinja wotalika ngati chala chachikulu, anyezi mmodzi ndi theka la apozi. Jinja musaonjezere, amawawitsa kimchi ikamakhalitsa.

Nkhani ya tsabola njofunika kuimvetsa. Tsabola wa ku Korea, gochugaru, ndi wofiira kwambiri koma sawawa ngati kambuzi, n'chifukwa chake amathira wambiri. Wina akaona kufiira kuja n'kuthira masupuni 8 a tsabola wathu wosinja, botolo lonse latayika, palibe angadye. Chitani chonchi: masupuni aakulu 8 a paprika wosasakaniza ndi mchere, kuti apereke mtundu ndi fungo, ndi kasupuni kamodzi kapena tiwiri ta tsabola wowawa. Paprika akasowa, sinjani tsabola wamkulu wosawawa uja, awiri, atapsa n'kufiira, koma dziwani kuti kimchi yake imakhala yamadzimadzi ndipo imasasa msanga. Sakanizani zonsezi mu kaphala kaja, muonjezere makaroti awiri odula tizingwetizingwe ndi anyezi wamasamba 6 wodula masentimita 3.

Kulonga ndi kusasitsa

Valani magolovesi, chifukwa tsabola amaotcha manja mpaka usiku. Pakani zokometserazo pa kabichi mpaka chidutswa chilichonse chifiire. Longani m'botolo lagalasi lakukamwa kwakukulu kapena mu kontena ya pulasitiki yosungira chakudya, ya malita atatu, yotsukidwa ndi madzi otentha n'kuuma. Poto wa aluminiyamu ayi, chifukwa kusasa kuja kumadya chitsulocho ndipo chakudya chimasintha kakomedwe. Mukamalonga muzitsindira ndi chibakera kuti mpweya utuluke, madzi akwere pamwamba. Siyani mpata wa zala zitatu kukamwa, vindikirani ndi masamba athunthu aja, mutseke mosathinitsa. Botololo likhale pa mbale, poti likayamba kuwira limasefukira.

Mu Juni ndi Julaye, m'nyumba ya ku Dedza kapena ku Tsangano, dikirani masiku atatu kapena anayi. Mu Okutobala tsiku limodzi kapena awiri akwana, makamaka kumunsi kotentha monga ku Golomoti ndi ku Sharpevale. Tsiku lililonse tsekulani kamodzi, mpweya utuluke, mutsindire ndi supuni yoyera youma. Mukaona tithovu tikukwera m'mbali mwa botolo, fungo likumveka lowawasa, ndipo mukalawa pakumveka kusasa kotsitsimula, yapsa. Ikani mu furiji, mmene ingakhale mwezi ndi kupitirira, ikunka nisasa pang'onopang'ono.

Opanda furiji, kapena amene magetsi amawazimira kawirikawiri, asataye mtima. Kale ku Korea ankakwirira mitsuko ya kimchi pansi kuti izizizira mofanana. Ikani botolo mu mtsuko wadothi waukulu, m'mbali muthire mchenga wonyowa, pamwamba muphimbe ndi nsalu yonyowa, pa ngodya ya mthunzi podutsa mphepo. Mchengawo muziunyowetsa m'mawa ndi madzulo. Mukatero konzani yochepa, ya kilogalamu imodzi, muidye isanathe sabata imodzi nyengo yotentha, kapena ziwiri nyengo yozizira.

Ikavuta

Kimchi yofewa ngati yophika ndiye kuti mchere unachepa kapena inakhala potentha nthawi yaitali. Ngati fungo lili bwino, iphikeni. Yonanda, yotuluka ulusi mukamatunga, imabwera chifukwa cha shuga kapena phala lochuluka. Nthawi zina kunandako kumatha kokha ikasasa masiku ena pozizira, koma ulendo wina chepetsani shuga. Yopyola mchere, dulirani makaroti ena awiri m'botolo momwemo, mudikire masiku awiri, amayamwa mcherewo. Ikakhala masiku anayi osaonetsa thovu, ndiye kuti mchere wachuluka kapena m'chipindamo mukuzizira kwambiri, choncho isendezereni kukhitchini, koma osati pafupi ndi mbaula.

Kakhungu koyera kosalala pamwamba kamabwera masamba akatulukira kunja kwa madzi. Chotsani gawo lapamwambalo lonse, mutsindirenso, zapansi muziphike msanga. Koma mukaona nkhungu yaubweya, yakuda, yobiriwira kapena yapinki, kapena fungo la chinthu choola, tayani botolo lonse. Musaumire, kabichi ndi wotsika mtengo kuposa chipatala.

Kadyedwe kake

Kimchi si yodzadza mbale. Pa tebulo la ku Korea aliyense amakhala ndi mbale yake ya mpunga ndi ya msuzi, ndipo timbale ta ndiwo, totchedwa banchan, timakhala pakati kuti onse atapeko. Mpunga ndi msuzi amadyera supuni, ndiwo amatapira timitengo tiwiri todyera, ndipo timitengoto sazika choimika mu mpunga chifukwa zimenezo amachita pa mwambo wa omwalira. Wamkulu ndiye amayamba kudya, ndipo wamng'ono polandira chakumwa amalandira ndi manja awiri. Masupuni awiri kapena atatu a kimchi pa chakudya chimodzi akwana, ndipo imayenda bwino ndi nsima ya nyemba kapena ya nyama ya nkhumba yootcha.

Mchere wake si wochepa. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, choncho a vuto la kuthamanga kwa magazi azingolawa pang'ono, ndipo ndiwo zina za tsikulo zichepe mchere. Ramyeon, zakudya zam'mapaketi zimene oimba amakonda kudya usiku pa kamera, n'zoti muzidya mwa apo ndi apo, chifukwa mapaketi ambiri amakhala ndi mchere woyandikira mlingo wa tsiku lonse. Chimene tikukuletsani kwenikweni ndi kutsanzira kadyedwe kodzimana kamene kamafalitsidwa m'dzina la oimba ena, kodya chipatso chimodzi ndi mbatata imodzi tsiku lonse pofuna kuonda. Mtsikana kapena mnyamata amene akukula, akuyenda wapansi kupita kusukulu m'mapiri muno, thupi lake silingapirire zimenezo. Amayamba chizungulire, magazi amachepa, m'kalasi samvanso kanthu.

Mpunga wokazinga ndi kimchi

Kimchi ikakhala sabata ziwiri n'kusasa kwambiri, ndi pamene imakoma pophika. Chakudya chofulumira kwambiri ndi kimchi bokkeumbap. Pa anthu awiri mufunika makapu atatu a mpunga wophika wozizira, kapu imodzi ya kimchi yoduladula, masupuni atatu a madzi ake, masupuni awiri a mafuta ndi mazira awiri. Mpunga wa ku Bwanje uli bwino. Ukhale wozizira chifukwa wotentha umaphwanyika n'kumatana. Ngati mulibe furiji musaugoneke: phikani, yalani pa mbale yaikulu uzizire kwa ola limodzi, mukazinge nthawi yomweyo, pakuti mpunga wogona potentha umatsegula m'mimba ngakhale mutautenthetsanso.

Tenthetsani mafuta mu chiwaya, kazingani kimchi yokha mphindi 4 mpaka m'mbali muyambe kuderako. Mukadumpha apa chakudya chimawawasa mopyola. Thirani mpunga ndi madzi a kimchi aja, phwanyani mibulu, takasani mphindi 3, kenaka yalani mpungawo m'chiwaya monse muusiye mphindi imodzi osakhudza kuti pansi pachite kankhoko. Wazani chitowe chokazinga, dzira lokazinga likhale pamwamba.

Zitumbuwa za mbatatesi

Chigawo cha Gangwon ku South Korea n'chamapiri, chozizira, ndipo chimadziwika ndi mbatatesi. Kumeneko n'kumene kumatchuka gamja-jeon, imene sifuna ufa kapena dzira. Sendani mbatatesi zinayi zazikulu, ngati magalamu 600, zatsopano zolimba. Zobiriwira khungu ndi zophuka zisiyeni. Palani ku mbali ya mano ang'ono kwambiri ya chopalira, pamodzi ndi kachidutswa ka anyezi, amene amachedwetsa kuda. Finyirani pa nsalu yoyera, madziwo agwere m'mbale, muwasiye mphindi 10. Mukakhuthula madziwo pang'onopang'ono mupeza pansi patsala ufa woyera wolimba. Umenewo musataye, ndi umene umagwirizitsa chitumbuwacho. Ubwezereni mu mbatatesi zofinya zija, muthire theka la kasupuni ka mchere, musakanize.

Kazingani nthawi yomweyo, chifukwa mukachedwa zimada. Mafuta akhale masupuni awiri, moto wapakati. Makala akakhala olilima, kunja kumapserera m'kati musanapse, ndiye phulaniko ena. Yalani chitumbuwa chilichonse chopyapyala, chosapitirira theka la sentimita, ndipo musachitembenuze mpaka m'mbali mutafiirira ndipo pakati pataoneka ngati pakuonekera, zimene zimatenga mphindi zitatu kapena zinayi. Mbali inayo mphindi zitatu. Chikamaphwanyika potembenuza, mwina simunafinye mokwanira kapena mwafulumira. Chotowera chake ndi masupuni awiri a soya sosi, kasupuni kamodzi ka viniga ndi anyezi wamasamba wodula bwino. Soya sosi akasowa, madzi a kimchi othira timadontho ta ndimu alowa m'malo mwake. Idyani zikadali zotentha, chifukwa zikazizira zimalimba.