Mwamanga PC yatsopano koma sikilini ili bii? Chitani izi musanabweze board

Mphwanga wa ku Chilenje anamanga PC yake yoyamba mwezi watha, mafani akuzungulira, tumagetsi tukuwala, koma monitor ingoti No Signal. Amafuna akakangane ndi amene anamugulitsa board mu town, ine ndinamuuza kuti dikira kaye mwana.

Yambani ndi chingwe cha HDMI. Ngati muli ndi graphics card, chilowe kumbuyo kwa card, osati pa motherboard. Ryzen 5 5600 ilibe graphics zake (5600G ndiye ili nazo), ma Intel othera ndi F chimodzimodzi, ndiye mukalowetsa pa board simuona kanthu olo mudikire mpaka mawa.

Kenako RAM. Zimitsani, zulani, muikenso mwamphamvu mpaka ilire kuti "ka" mbali zonse, ngati zili ziwiri nthawi zambiri zimapita mu ma slot a A2 ndi B2. Ma board ambiri ali ndi tumagetsi tinayi tolembedwa CPU, DRAM, VGA ndi BOOT, kamene kakhala koyaka ndiye komwe kuli vuto. Zikakana chotsani kabatire kozungulira ka pa board (CR2032) kwa mphindi 5.

Kwa mphwanga kamayaka ka CPU. Board yake ndi MSI B450 yakale, ndipo ma Ryzen 5000 ngati processor yake anatuluka mu 2020, ndiye BIOS yake (kapulogalamu ka mkati mwa board koyatsira PC) simaidziwa processor ija nkomwe. Apa mpamene pafunika update.

Pezani flash, muiformate FAT32. Pitani pa website ya kampani, mufufuze dzina lenileni la board yanu monga lalembedwera pa board pomwepo, chifukwa B450 zilipo zambiri ndipo file ya ina ingakupherani board. Tulutsani file mu zip, pa MSI muisinthe dzina ikhale MSI.ROM, pa Gigabyte ndi gigabyte.bin, ASUS ili ndi kapulogalamu ka BIOSRenamer kosinthira dzina. Lumikizani zingwe za magetsi za 24-pin ndi 8-pin pa board, flash ilowe mu port ya BIOS (pa MSI ndi ya Flash BIOS), dinani kabatani kapafupi, kagetsi kayamba kuphethira. Osakhudza chilichonse mpaka kasiye, zimatenga mphindi zingapo. Board yopanda batani ija mubwereke processor yakale kwa mnzanu, mulowe nayo mu BIOS.

Manje nkhani ya malaiti, mukudziwa mmene zilili muno mu Lusaka. Magetsi akathima pakati pa update board ikhoza kufa, ndiye ife tinanyamula PC kupita nayo kwa amalume ku Kabwata komwe kuli inverter. Titayatsanso logo ya MSI inaoneka, mphwanga anangoti eh.