Momwe mungasankhire maphunziro a Fomu 3 ndi 4 kuti MSCE yanu idzakugwirireni ntchito

Wophunzira akakhoza JCE n'kulowa Fomu 3, sukulu zambiri zimamulola kusiya maphunziro ena n'kutsala ndi omwe adzalembe pa MSCE. Zimenezi zimatha m'masabata oyambirira a teremu yoyamba, nthawi zina pa kapepala kolemba mothamanga m'kalasi aphunzitsi ataima pakhomo kudikira. Koma zotsatira zake zimadzaoneka patapita zaka ziwiri, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede la NCHE likalengeza malo m'sukulu za ukachenjede za boma. Apo m'pomwe ambiri amadzidzimuka kuti mapoyintsi abwino paokha sakwanira. Kosi iliyonse ili ndi maphunziro omwe imafuna, ndipo ngati simunawalembe, palibe chokambirana.

1. Yambani mwadziwa momwe MANEB imawerengera

Pa MSCE phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi wamba, pomwe 9 ndiye kuti mwalephera. Kuti mulandire satifiketi muyenera kukhoza maphunziro 6, Chingerezi chili momwemo, ndipo limodzi mwa iwo likhale pa kirediti. Njira ina ndi kukhoza maphunziro 5, Chingerezi chili momwemonso, koma atatu akhale pa kirediti. Mukalephera Chingerezi satifiketi palibe, ngakhale ena onse mutapeza ma 1 okhaokha.

Satifiketi ndi khomo loyamba chabe. Kuti mupikisane nawo pa malo a ku yunivesite za boma, pamafunika makirediti 6, Chingerezi chilipo. Mapoyintsi omwe anthu amafunsana zotsatira zikatuluka ndi magiredi a maphunziro 6 omwe mwachita bwino ataphatikizidwa. Akachepa ndiye kuti mwakhoza kwambiri, ndipo ochepetsetsa ndi 6.

Taonani chitsanzo ichi, chongoyerekeza. Wophunzira woyamba wapeza Chingerezi 3, Chichewa 1, Bible Knowledge 1, History 2, Geography 2, Agriculture 2, Biology 5 ndi masamu 7. Ali ndi mapoyintsi 11, kwawo n'kumveka nthungululu. Wachiwiri wapeza Chingerezi 4, masamu 3, Biology 2, Physics 3, Chemistry 3 ndi Agriculture 2, onse pamodzi 17. Pa kosi ya unamwino kapena uinjiniya, wachiwiriyu ali mu mpikisano pomwe woyamba uja pempho lake siliwerengedwa n'komwe, chifukwa masamu alibe kirediti ndipo Physics ndi Chemistry sanalembe. Sikuti wa 11 uja wasowa kolowera, ayi. Makosi a zilankhulo, mbiri ndi uphunzitsi wa maphunziro amenewa ndi ake. Vuto likhalapo ngati iye mtima wake unali ku chipatala.

2. Yambirani ku kosi yomwe mukufuna, muzibwerera m'mbuyo

Pezani chilengezo cha NCHE cha chaka chapitachi. Chimatuluka m'nyuzipepala ndi pa intaneti, ndipo ofesi ya ahedi kapena aphunzitsi omwe amathandiza a Fomu 4 kulemba mafomu nthawi zambiri amakhala nacho. M'menemo muli makosi a UNIMA ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, KUHeS, LUANAR, MZUNI ku Mzuzu ndi MUST ku Thyolo, ndipo pambali pa kosi iliyonse alembapo maphunziro ofunika.

Tengani pepala, lembani makosi asanu omwe angakusangalatseni, osati imodzi yokha. Pa asanuwo ikaniponso imodzi kapena ziwiri za kunja kwa yunivesite, monga za ku Malawi College of Health Sciences, makoleji a unamwino a CHAM (bungwe la zipatala za mipingo), makoleji a uphunzitsi (TTC) kapena sukulu za ntchito zamanja. Pansi pa kosi iliyonse koperani maphunziro omwe ikufuna. Kenako zungulizani phunziro lililonse lomwe laoneka kawiri kapena kuposa. Amenewo ndiye osawakhudza.

Mukachita zimenezi mudzaona kuti zinthu zimayenda motere. Udokotala, pharmacy ndi makosi ambiri a zaumoyo amafuna Biology, Chemistry, Physics, masamu ndi Chingerezi. Uinjiniya umatsamira pa masamu ndi Physics, Chemistry ili pambali pake. Makosi a zaulimi ku LUANAR ndi a sayansi, ndiye musadzinamize kuti Agriculture yokha ikufikitsani ku koleji yake ya Bunda popanda Biology, masamu ndi sayansi zinazo. Zowerengera ndalama ndi zamalonda zimafuna masamu ndi Chingerezi zolimba. Zilankhulo, utolankhani ndi mbiri zimayang'ana kwambiri Chingerezi pamodzi ndi maphunziro ngati History, Geography ndi Chichewa. Zofunikazi zimasinthako chaka ndi chaka, n'chifukwa chake muyenera kuwerenga chilengezo chenichenicho, osangodalira zomwe achimwene anu akukumbukira za m'nthawi yawo.

3. Ganizani kawiri musanasiye Physics kapena Chemistry

Apa m'pomwe ophunzira ambiri amadzitsekera okha zitseko. Makolo ambiri anaphunzira nthawi yomwe maphunziro awiriwa anali phunziro limodzi lotchedwa Physical Science. Pano ndi awiri, lililonse ndi giredi yake. Zimenezi zili ndi ubwino kwa wodziwa sayansi, chifukwa akhoza kupeza magiredi awiri abwino pomwe kale akanapeza imodzi. Koma zabweretsanso msampha: wophunzira amatenga Chemistry n'kusiya Physics poganiza kuti sayansi imodzi yakwana, kenako n'kudzapeza kuti kosi yomwe akufuna ikuti zonse ziwiri.

Dziwaninso kuti kusiya n'kosavuta koma kubwerera n'kovuta. History kapena Bible Knowledge munthu wakhama akhoza kuilowa mochedwa, n'kuwerenga yekha manotsi a anzake mpaka kuwapeza. Physics ndi Chemistry sizitero. Mitu ya Fomu 4 imamangidwa pa ya Fomu 3, ndiye amene sanaphunzire za mole (muyezo wowerengera kuchuluka kwa zinthu) mu Chemistry adzavutika ndi mawerengero onse obwera pambuyo pake. Choncho ngati simunatsimikize chomwe mukufuna kudzachita, sungani sayansi zonse zitatu kwa teremu imodzi kapena ziwiri, muone momwe mukukhozera. Kusiya mudzasiya m'tsogolo muli ndi umboni m'manja.

Masamu nawo ali ndi vuto lawolawo. Sukulu sizilola kuwasiya, koma ophunzira ambiri amawasiya mumtima: amakhala kumbuyo m'kalasi, homuweki n'kumakopera, akuti bola ena asanu ndi limodzi aja. Kusiyana kwa 6 ndi 7 pa masamu ndi giredi imodzi yokha, koma giredi imeneyo ndi yomwe imatsegula kapena kutseka makosi a zamalonda, zaumoyo, zaulimi ndi sayansi yonse. Ngati masamu amakuvutani, cholinga chanu chisakhale 1 kapena 2. Limbanani ndi kirediti, ndipo yambani mu Fomu 3 momwemo.

Additional Mathematics ndi ya omwe masamu wamba akuwayendera bwino kale. Imathandiza kwambiri chaka choyamba cha uinjiniya kapena sayansi, koma musaitenge pofuna kutchuka pa sukulu.

Mawu amodzi kwa atsikana ndi makolo awo: zonena kuti Physics ndi ya anyamata, mtsikana atenge Home Economics, zilibe mutu. Home Economics ndi phunziro labwino kwa amene walifuna, koma lisalowe m'malo mwa sayansi chifukwa cha zonena za anthu.

4. Onani zomwe sukulu yanu ingathedi kuphunzitsa

Phunziro kukhala pa silabasi sizitanthauza kuti pa sukulu yanu liphunzitsidwa bwino. Sukulu za national ndi zogonera zambiri zili ndi malabu ndi aphunzitsi okwanira. Ma CDSS ambiri alibe. Musanalembe dzina, funsani zinthu izi: mphunzitsi wa phunzirolo alipo, ndipo ndi wa phunziro lomwelo kapena akungogwirizira? A Fomu 4 a chaka chatha anamaliza silabasi? Anakhoza bwanji? Mabuku alipo angati?

Funso la zipangizo ndi lalikulu chifukwa Biology, Physics, Chemistry ndi Agriculture zili ndi pepala la practical. Wophunzira yemwe akugwira burette (kachubu koyezera madzi mu labu) koyamba tsiku la mayeso amataya nthawi ndi kuchotsa mpweya m'kachubu, amawerenga mulingo diso lili pamwamba m'malo molunjika pa mzere wa madzi, ndipo manambala ake onse amapotoka kuchokera pamenepo. Computer Studies n'chimodzimodzi: kuloweza manotsi osakhudza kompyuta sikungakupatseni kirediti. Woodwork, Metalwork ndi Technical Drawing zimapezeka m'sukulu zokhazo zomwe zili ndi wekishopu.

Ngati labu palibe koma kosi yomwe mukufuna ikufuna sayansi, musathamangire kusiya. Funsani ahedi ngati pali mgwirizano ndi sukulu yoyandikana nayo yomwe ili ndi labu, poti sukulu zimagwirira ntchito limodzi m'ma cluster. Komiti ya makolo ikhoza kukankha nkhani imeneyi kuposa mwana payekha. Zikakanika ndithu, kusintha sukulu kumayenera kuchitika mu Fomu 3, osati pakati pa Fomu 4.

Onaninso timetable. M'sukulu zambiri maphunziro osankha amaikidwa awiriawiri pa piriyodi imodzi, kotero kutenga ili ndiye kuti linalo mwalitaya. Funsani kuti aphatikiza ati ndi ati musanapange mndandanda wanu.

5. Mutenge angati?

Poti amawerengera 6, ena amafuna kulemba 6 okha kuti katundu apepuke. Kumeneko n'kuyenda ulendo wautali opanda tayala lapadera. Phunziro limodzi likangovuta, kapena mukadwala tsiku la pepala lina, makirediti 6 aja sakwana. Komanso kusenza 10 kapena kuposa kumamwaza nthawi, ndipo mapeto ake ndi ma 5 ndi ma 6 ambirimbiri m'malo mwa ma 2 ndi ma 3 ochepa. Kwa ophunzira ambiri, 8 ndi nambala yabwino, ndipo 9 ndi ya amene akukhoza mosavutikira.

Wofuna za sayansi akhoza kutenga Chingerezi, masamu, Biology, Physics, Chemistry, Agriculture, Chichewa ndi Geography. Wofuna za zilankhulo ndi mbiri akhoza kutenga Chingerezi, masamu, Chichewa, Biology, Agriculture, History, Geography ndi Bible Knowledge kapena Social Studies. Pa mndandanda uliwonse pakhale phunziro limodzi kapena awiri omwe mukudziwa kuti mumawakhoza, oti adzatsitse mapoyintsi. Ambiri amaika Chichewa pamenepa, koma chenjerani. Kuyankhula Chichewa kunyumba si kukhoza Chichewa cha MANEB, chomwe chili ndi malamulo a chiyankhulo, chimangirizo ndi mabuku oti muwerenge. Chingerezi nachonso chili ndi gawo la literature, ndipo amene sawerenga mabuku osankhidwawo amagwetsa giredi ya phunziro lofunika kuposa onse.

6. Yang'anani malipoti anu, osati anzanu

Tulutsani malipoti onse a Fomu 1 ndi 2 pamodzi ndi zotsatira za JCE. Pa phunziro lililonse onani ngati malikisi akhala akukwera, kutsika kapena kuima. Pomwe mwalephera, fufuzani chifukwa. Kulephera chifukwa mphunzitsi anachoka teremu yonse n'kosiyana ndi kulephera mutaphunzitsidwa bwino komanso mutalimbikira. Pitani kwa mphunzitsi wa phunzirolo ndi funso lolunjika: "Aphunzitsi, mmene mukundioneramu, kirediti ndingaipeze?" Ambiri amayankha zoona akafunsidwa paokha.

Zifukwa zomwe zimasocheretsa ophunzira n'zodziwika: mnzanga wasankha limeneli, mphunzitsi uja ndi wankhanza, phunziro lija akuti ndi lophweka. Mphunzitsi akhoza kusamutsidwa teremu yamawa, pomwe satifiketi mudzakhala nayo moyo wonse. Makolo nanunso, kukakamiza mwana udokotala pomwe Biology ndi masamu zakhala zikumukana zaka ziwiri n'kumuika pa chiopsezo chotuluka wopanda makirediti okwanira kosi ina iliyonse.

Za IGCSE ndi ntchito zamanja

Sukulu zina monga Kamuzu Academy ku Mtunthama zimalembetsa mayeso a Cambridge, IGCSE ndi A-Level, m'malo mwa MSCE. Yunivesite za m'dziko muno zimalandira mapepala amenewa, koma lamulo la maphunziro ofunika pa kosi ndi lomwelo. Kholo lomwe likuganiza zosamutsa mwana kuchoka ku MSCE kupita ku IGCSE, kapena kubwerera, lichite zimenezi zaka ziwiri zomalizazo zisanayambe, chifukwa masilabasi ndi osiyana.

Amene mtima wake uli pa zamagetsi, zomangamanga, ukalipentala kapena umakaniko ayang'ane zilengezo za TEVETA ndi makoleji ngati Soche, Lilongwe, Nasawa, Namitete ndi Salima. Kumenekonso masamu ndi Physics zimagwira ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo Technical Drawing imamupatsa poyambira pabwino.

7. Tsimikizani pa kalembera wa MANEB

Chomwe mudzalembe ndi chomwe chalowa m'kaundula wa MANEB mu Fomu 4, osati chomwe munauza aphunzitsi mu Fomu 3. Sukulu ikatulutsa mndandanda woti mutsimikize, werengani mzere wanu wonse modekha: dzina lilembedwe monga lilili pa mapepala anu a JCE, tsiku lobadwa likhale lolondola, ndipo maphunziro muwawerenge limodzilimodzi. Zimachitika kuti wolowetsa mayina wadumpha phunziro kapena waika la mnzanu wa mzere wotsatira. Mukaona cholakwika musasaine. Kauzeni aphunzitsi oyang'anira mayeso tsiku lomwelo, ndipo mukaonenso mndandanda wokonzedwawo nthawi yokonza zolakwika isanatsekedwe.