Ntchito ikatha, njira yopitira ku sukulu ya zaluso ndi iyi

Tsiku limene anatipatsa makalata otichotsa ntchito, ndinali nditagwira zaka 7 pa kampani ina kuno ku chigwa cha Shire, ndikuyang'anira mapampu a madzi m'minda. Anzanga ena anathamangira ku Nchalo kukagula njinga zamoto kuti ayambe kabaza. Ine ndinabwerera ku sukulu ndili ndi ana atatu, ndipo lero ndimawotcherera zitsulo ku Ngabu. Ambiri amandifunsa kuti boma linandipatsa ndalama zingati. M'manja mwangamu simunalowe ngakhale tambala. Thandizo la boma limapita ku sukulu, ndipo inu mumaliona pa kuchepa kwa fizi.

Amene amayendetsa zimenezi ndi TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a zaluso lomwe linakhazikitsidwa mu 1999. Olemba anthu ntchito amapereka 1 peresenti ya malipiro a antchito awo ku thumba la maphunziro a zaluso. Choncho mukamapita kumeneko musawerame ngati wopempha, thukuta lanu linaponyamo kale. Makoleji a zaluso a m'madera, aja timati community technical college, anayamba mu 2015, yoyamba kutsegulidwa inali ya Ngara ku Karonga. Palinso pulojekiti ya SAVE ya ndalama za World Bank, yomwe inabwera mu 2021 kudzathandiza maphunziro omwewa.

Musanaganize za sukulu, yambani mwamaliza ndi abwana anu. Lamulo la ntchito limati wochotsedwa chifukwa ntchito yachepa alandire severance, ndalama ya chipukuta misozi: malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba, masabata 3 kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata 4 kupitirira pamenepo. Zanga zinakwana masabata 16. Werengerani nokha papepala, zikapanda kugwirizana pitani ku leba pa boma, ku Chikwawa kapena ku Nsanje. Mupemphenso kalata yonena ntchito imene munkagwira ndi zaka zake. Panthawiyo imaoneka yopanda pake, koma muifuna.

Ndalama imeneyi ndiyo idyetse banja inu muli m'kalasi, ndiye muigwire ngati dzira. Ine ndinagula matumba a chimanga ndi mapira nthawi yokolola, ndinalipiriratu lendi, yotsala ndinasiya ku banki m'dzina la mayi a kunyumba. Abale anabwera, monga mudziwa, aliyense ndi vuto lake. Ndinakana ambiri, ndipo malume anga ena mpaka pano moni wawo ndi wozizira.

Kenako mapepala. Chiphaso cha unzika chikhale chosatha ntchito. Satifiketi ya MSCE kapena ya JCE ijambulitseni kangapo, ndi zithunzi zazing'ono za pasipoti. Ife a kuno ambiri mapepala anapita ndi madzi, ena pa namondwe wa Ana mu 2022, ena pa namondwe wa Freddy mu 2023. Ngati anu anakokoloka, yambani lero kulondola ku sukulu yanu yakale ndi ku MANEB, chifukwa zimenezi sizitheka sabata imodzi. Anga tsopano amakhala mu pulasitiki, pamwamba pa denga.

TEVETA ikafuna ophunzira imalengeza m'nyuzipepala, pa wailesi ndi pa tsamba lake la Facebook, ndipo masiku olembetsera sachedwa kutha. Muzidutsa ku leba ndi kwa DC kukaona pa bolodi. Chilengezocho chimanena maphunziro ofunika pa luso lililonse ndi malo ophunzirira, ndiye chiwerengeni chonse. Ngati pali ndalama ya fomu, lipirani kumene chilengezo chanena ndipo risiti musunge. Munthu wokuuzani pa depoti kuti ali ndi m'bale wake mkati, mumpatse kangachepe akulowetseni, ameneyo ndi wakuba. Akakutengani, funsani za bursary, thandizo lolipirira fizi, tsiku loyamba lomwelo, kalata yochotsedwa ntchito ili m'manja. Manyazi apa sathandiza.

Ngati luso muli nalo kale, mwina munamanga nyumba zaka zambiri kapena munakonza mainjini popanda pepala, funsani za RPL. Amakuyesani pa zomwe manja anu akudziwa ndipo mukakhoza amakupatsani satifiketi osayambira pansi. Apa ndi pamene kalata ija ya kuntchito imalankhula.

Posankha luso, musatsatire dzina lomveka bwino. Yendani pa msika wa Bangula, Ngabu kapena Dyeratu Loweruka, muone chomwe anthu akudikirira pamzere. Njinga zamoto za kabaza zachuluka kuposa amakaniko odziwa magetsi ake. Masola adzaza m'midzi, akafa palibe wowakonza. Ngolo za ng'ombe zimathyoka ma ekiselo chaka chilichonse, ndipo ngalande yaikulu yothirira yochokera ku Kapichira idzafuna odziwa mapaipi ndi mageti a madzi. Ine ndinasankha kuwotcherera nditaona alimi a thonje akudikira masiku atatu kuti ngolo yawo igwiridwe. Chimene sindinaganizire ndi kutentha. Mu Okutobala kuno, mutavala ovololo ndi chigoba kumaso, mumamva ngati mwalowa mu uvuni wa njerwa. Ndimayamba 5 koloko m'mawa, ikamakwana 11 ndatseka.

M'kalasi mudzakhala ndi ana a msinkhu wa mwana wanu woyamba. Ine ankanditcha "madala", ndipo masamu a muyeso anandiphunzitsa ndi mtsikana wa zaka 19 wa ku Makhanga. Nthawi ya attachment, yokaphunzirira pa ntchito penipeni, musankhe malo amene akupatseni chitsulo mugwire, ngakhale akhale shedi ya malata, kusiyana ndi kampani yaikulu yokutumani madzi akumwa.

Za zida musadikire kuti mudzapatsidwa pomaliza. Alipo amene amapita ku bungwe la boma lobwereketsa ndalama, koma ija ndi ngongole, imabwezedwa. Ine ndinagulitsa mbuzi zinayi, ndinakwera minibasi kukwera Thabwa mpaka ku Limbe, ndipo ndinabwerako ndi makina owotcherera akale, grinder ndi paketi imodzi ya ma rodi owotcherera. Ntchito yoyamba inali chitseko cha khola la ng'ombe, ndipo mwini wake anandilipira theka ndalama, theka nyemba.