Momwe mungapezere malo odyera ndi okaona mukachita lendi nyumba ya tchuthi kumudzi

Nyumba ya tchuthi ya kumudzi anthu amaikonda chifukwa cha bata lake, koma bata lomwelo ndi limene limagoneka alendo ndi njala usiku woyamba. Mwafika dzuwa litalowa, malo odyera amene pa foni amaoneka ngati ali poteropo mwawapeza atatseka, sitolo ili kutali, netiweki nayo kulibe. Zonsezi zimapeweka ndi ntchito ya ola limodzi kapena awiri mukadali kwanu. Kumudzi zinthu zimatsegulidwa ndi kutsekedwa motsatira moyo wa eni ake, ndipo foni imadziwa zochepa chabe za moyo umenewo. Choncho dongosolo lonse liyambire kwa munthu wa komweko, foni izibwera pambuyo.

Choyamba: lankhulani ndi mwini nyumba kutatsala masiku atatu

Kaya nyumbayo mwaipeza pa Airbnb, pa Booking.com kapena kudzera mwa mnzanu, mulembereni mwini wake uthenga nthawi ikadalipo. Funso lakuti "kodi kumeneko kuli malo abwino odyera?" silithandiza kwenikweni, chifukwa adzakutchulirani malo amene amauza mlendo aliyense. Funsani chonchi: "Inuyo mukafuna kudya kunja pakati pa sabata mumapita kuti, nanga mumaitanitsa chiyani?" Yankho lake limabwera ndi dzina la malo, chakudya chimene amachidziwa kuphika, komanso tsiku limene simuyenera kupitako.

Mukatero funsani zinazi: malowo amatseka tsiku liti pa sabata, kukhitchini amasiya kuphika nthawi yanji, amalandira khadi kapena ndalama zapamanja zokha, sitolo yapafupi imatseka nthawi yanji, mafuta a galimoto omaliza mungathire pati, msewu umakhala bwanji mvula ikagwa, ndi kampani iti ya foni imene imagwira pakhomopo, ndiponso chipatala chapafupi chili kuti. Nkhani ya khitchini ndiyo imapusitsa ambiri. Chikwangwani chikhoza kunena kuti malowo amatseka 10 koloko usiku, pomwe wophika anazimitsa moto 8 koloko ndipo otsalawo akungogulitsa zakumwa.

Pemphaninso malo enieni a chipata pa mapu, osati adilesi yokha. Adilesi ya kumudzi imatha kuloza dera lonse, ndipo foni imakakusiyani pakati pa munda. Mwini nyumba akutumizireni kachizindikiro ka pa Google Maps kapena Plus Code (zilembo ndi manambala ochepa olozera malo enieni pa mapu), ndi mawu ofotokoza pokhotera pomaliza.

M'nyumba zambiri zotere mumapezeka kabuku ka alendo kokhala ndi manambala ndi mayina a malo. Kawerengeni, koma yang'anani ngati pali deti. Kabuku ka zaka zitatu zapitazo kamatchula malo amene anasintha eni kalekale.

Chachiwiri: ikani mapu mu foni mukadali pa intaneti yabwino

Pa Google Maps dinani chithunzi chanu pamwamba, sankhani "Offline maps", kokani bokosilo kuti likwane dera lonse limene mudzayendemo, kenako dawunilodani. Mapu amenewa popanda intaneti amalondolera woyenda pa galimoto yekha. Njira za wapansi sapereka. Pa zimenezo ikani Organic Maps, imene imagwiritsa ntchito mapu a OpenStreetMap ndipo m'madera ambiri imaonetsa tinjira ta m'nkhalango ndi m'mapiri. GPS ya foni siidalira netiweki, kotero kadontho kosonyeza pomwe muli kamayendabe ngakhale foni isakugwira. Chimene chimamaliza batire ndi foni kumangosakasaka netiweki yomwe kulibe. Mukafika koteroko iikeni pa "flight mode". Mapuwo akhale m'mafoni awiri.

Chachitatu: gawani malo potengera mphindi, makilomita muwaiwale

Tengani pepala mulembe magulu atatu: kumene mungafike wapansi m'mphindi 20, kumene mungafike pa galimoto m'mphindi 30, ndi kumene kungakudyereni tsiku lonse. Malo aliwonse amene mwauzidwa kapena mwawapeza alowe m'gulu limodzi.

Chifukwa chake ndi ichi. Makilomita 24 pa phula labwino, pa liwiro la makilomita 80 pa ola, ndi mphindi 18. Makilomita omwewo pa msewu wa dothi wokumbikakumbika, pomwe simungapitirire 30 pa ola, ndi mphindi 48, ndipo usiku zimaposa pamenepo chifukwa cha ziweto, anthu oyenda m'mbali ndi makona osaoneka. Nthawi imene mapu akupatsani pa misewu ing'onoing'ono muziwonjezerapo gawo limodzi mwa magawo atatu. Chakudya chamadzulo chichokere m'gulu loyamba kapena lachiwiri. Malo otchuka a kutali aja kadyeniko masana, mubwerere kukuwala.

Chachinayi: kusankha kodyera

Nyenyezi za pa Google kapena Tripadvisor zokha zisakutengeni mtima. Malo a nyenyezi 5 kuchokera kwa anthu asanu ndi mmodzi sakuuzani zambiri, pomwe 4.3 kuchokera kwa anthu mazana atatu ndi umboni ndithu. Sanjani ndemanga kuti zatsopano zikhale pamwamba, muwerenge za miyezi isanu ndi umodzi yapitayi. Kumalo ang'onoang'ono chakudya chimakoma chifukwa cha munthu mmodzi, ndipo wophikayo akachoka zonse zimasintha mwezi womwewo, koma nyenyezi zakale zimatsalabe. Zithunzi zojambulidwa ndi makasitomala ndizo zimaonetsa kukula kwenikweni kwa mbale.

Mukasankha, imbani foni. Ichi musachidumphe. Funsani ngati atsegula lero, sungitsani tebulo, nenani kuti muli angati ndiponso ngati pali ana. Ngati mulipo oposa asanu ndi mmodzi, funsani ngati mungaitanitsiretu chakudya, chifukwa khitchini ya anthu awiri ikalandira maoda khumi nthawi imodzi mudikira ola lathunthu. Amene thupi lake limadana ndi zakudya zina, monga mtedza, mkaka, mazira kapena tirigu, anene pa foni pomwepo ndipo akanenenso pofika. Afunse ngati mafuta okazingira ndi amodzi pa zakudya zonse, pakuti tizidutswa ta chakudya china timatsalira m'mafutamo.

Mukafika, pali zinthu zimene maso amaona msanga. Mndandanda wa zakudya waufupi pa malo ang'ono ndi chizindikiro chabwino. Wamasamba asanu ndi atatu pa malo a matebulo asanu ndi limodzi ukusonyeza kuti zambiri zikuchokera mufiriza. Onani ngati anthu a m'deralo akudya pomwepo, ngati posamba m'manja pali sopo, ndiponso ngati chakudya chafika chikutuluka nthunzi. Chofunda chabe, chosonyeza kuti chakhala nthawi yaitali pambali, chibwezeni mwaulemu. Funso lakuti "lero mwaphika chiyani chatsopano?" limakupezetsani mbale yabwino kuposa kuloza pa pepala.

Za kubwerera zikambidwe musananyamuke. Kumudzi takisi siipezeka pongoimika dzanja, ndipo mapulogalamu oitanira galimoto kawirikawiri amangozungulira osapeza dalaivala. Ngati wina amwa mowa, woyendetsa adziwike kale ndipo asalawe n'komwe, apo ayi panganani ndi wa takisi nthawi yodzakutengani ndi mtengo wake. Oyenda wapansi atenge tochi ndipo aziyenda mbali yoyang'anizana ndi magalimoto akubwera.

Chachisanu: m'nyumba mukhale chakudya cha masiku awiri

Ngakhale mutakonza bwino chotani, tsiku lina mudzapeza chitseko chotseka chifukwa eni ake apita ku mwambo wa pabanja. Choncho gulani zakudya m'tauni yomaliza musanalowe misewu ing'onoing'ono: chamadzulo cha tsiku lofika, cham'mawa kawiri, ndi china chosaonongeka msanga monga mpunga, mazira, zam'chitini, mafuta ophikira ndi mchere. Musaganize kuti mchere ndi machesi mukazipeza m'nyumbamo.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limachenjeza kuti tizilombo timaswana msanga m'chakudya pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo chophikaphika chisakhale panja kupitirira maola awiri. Ndiye nyama, nsomba ndi mkaka ziyende m'bokosi lozizira lokhala ndi ayezi, ndipo mukangofika yatsani firiji, chifukwa eni nyumba ena amaithimitsa alendo akachoka ndipo imatenga maola kuti izizire. Zotsala za dzulo zitenthetsedwe mpaka zitenthe kwambiri mkati monse, kamodzi kokha. Mpunga wophika ndiwo wofunika kuusamala koposa: ukagona panja umatha kupanga poizoni amene satha ngakhale muutenthetse. Magetsi akazima, firiji yosatsegulidwa imasunga chakudya pafupifupi maola anayi, ndipo firiza yodzaza imatha kufika maola 48.

Funsani kumene madzi a pampopi amachokera. Ngati ndi pachitsime kapena pakasupe ndipo simukutsimikiza, awiritseni abwadamuke kwa mphindi imodzi, kapena zitatu ngati muli pamalo okwera kuposa mamita 2,000. Mkaka wogula pa famu, ngati sunatenthetsedwe kufakitale, nawonso uwiritsidwe. Msika wa m'deralo fufuzani tsiku lake ndipo pitani m'mawa, zabwino zisanathe. Chinthu chimodzi chosakambirana: mbaula ya makala isalowe m'nyumba yotseka, kaya powotcha nyama kaya pothawa kuzizira. Mpweya wa carbon monoxide umene makala oyaka amatulutsa sununkha ndipo umapha anthu ali m'tulo.

Chachisanu ndi chimodzi: malo okaona

Ulendo waukulu ukhale umodzi pa tsiku. Anthu amene amaika mathithi, nyumba yakale ya mbiri ndi phiri tsiku limodzi amathera nthawi m'galimoto, ana atatopa, akulu atakwiyirana. Kumalo olipira polowera funsani nthawi imene amasiya kulowetsa anthu, chifukwa imakhala isanakwane nthawi yotsekera. Ena amatsegula nyengo ina yokha pa chaka. Sungani malo amodzi a denga, monga nyumba yosungiramo zakale kapena kumene amisiri amaumba ndi kusema, kuti tsiku la mvula musasowe kolowera.

Pa ulendo wapansi pali kawerengedwe kakale kothandiza. Mu 1892 William Naismith, wokwera mapiri wa ku Scotland, anapereka lamulo limene masiku ano limanenedwa chonchi: ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse, kuwonjezerapo ola lina pa mamita 600 aliwonse okwera. Njira ya makilomita 8 yokwera mamita 450 ndiye kuti ndi mphindi 96 kuphatikiza 45, pafupifupi maola awiri ndi mphindi 20. Lamuloli ndi la munthu wamphamvu amene sakupuma. Ngati muli ndi ana kapena achikulire, wonjezerani theka la nthawiyo, ndipo mufika maola atatu ndi theka. Onani nthawi yolowera dzuwa, muchotsepo maola amenewo ndi ola lina lapadera, ndipo mwapeza nthawi imene muyenera kukhala mutanyamuka. M'chigwa ndi m'nkhalango mdima umafika msanga kuposa mmene foni yanenera. Muli m'njira, tambasulani dzanja ndi kuyeza zala pakati pa dzuwa ndi pomwe likalowere: chala chilichonse ndi pafupifupi mphindi 15.

Munthu aliyense anyamule madzi pafupifupi theka la lita pa ola lililonse loyenda, ochulukirapo kukatentha. Chovala chofunda chisatsale, pakuti kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono pa mamita 1,000 aliwonse okwera, ndipo pamwamba pamakhala mphepo. Mukaona mphezi werengani masekondi mpaka bingu limveke. Masekondi atatu ndi kilomita imodzi. Akakhala ochepera 30, tsikani pamalo okwera, chokani pansi pa mtengo woima wokha ndi m'madzi, lowani m'nyumba kapena m'galimoto, ndipo dikirani mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza.

Malo okongola amene mukuwaonawo ndi munda, busa kapena manda a anthu ena. Yendani m'njira yodziwika, chipata muchisiye mmene mwachipezera, ndipo ng'ombe yokhala ndi mwana muipatse mpata waukulu, makamaka ngati muli ndi galu. Musanajambule munthu, nyumba yake kapena malo opembedzerapo, pemphani. Kumene kuli olondolera alendo a m'deralo, tengani mmodzi: amadziwa mlatho umene unakokoloka ndi dziwe limene silisambidwa. Pa mathithi ndi m'mitsinje musadumphire m'madzi amene simukuona pansi pake, ndipo mvula ikagwa kumtunda madzi amatha kukwera mwadzidzidzi ngakhale pomwe mulipo dzuwa likuwala.

Musanatuluke, uzani mwini nyumba kapena wina wotsala njira imene mwatenga ndi nthawi yobwerera, ndipo lembani papepala nambala ya ngozi ya dziko limene mulilo. Mukabwerako kuchokera m'udzu wautali, fufuzani nkhupakupa kuseri kwa mawondo, m'chiuno, m'khwapa ndi m'tsitsi la ana. Mukaipeza igwireni ndi kachitsulo kopanira pafupi kwambiri ndi khungu, kokani pang'onopang'ono molunjika, osaiwotcha kapena kuifinya, kenako tsukani pamalopo ndi sopo. Ngati patapita masiku pabwera zotupa kapena thupi latentha, pitani kuchipatala ndipo mukanene tsiku limene inakulumani.

Tsiku lochoka, tengani cholembera mukonze kabuku ka alendo kaja: malo amene mwawapeza atatsekedwa, nambala imene siikugwiranso, nthawi yeniyeni imene khitchini imasiya kuphika, ndipo mulembepo deti.