Kukumbitsa mjigo kumudzi ngati kalabu: momwe ife tinachitira

Kalabu yathu ndi ya anthu ogwira ntchito m'tauni omwe kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo pofika pano takumbitsa mijigo itatu. Kuyambira nthawi ya kolera wa 2022 ndi 2023 uja, yemwe anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, magulu ambiri akhala akutifunsa kuti ntchitoyi imayambira pati. Ndilemba pano kamodzi kuti ndisamangobwereza pa WhatsApp.

Za kusonkha ndalama sindinenapo zambiri, kalabu iliyonse ili ndi njira zake. Chenjezo ndi limodzi lokha: mtengo umene wokumba wakuuzani lero musautenge ngati wokhazikika. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zomwe tinasonkhera mjigo wathunthu zinangokwanira dzenje lopanda pampu. Ngati muli a Rotary, thandizo lalikulu lochokera kulikulu lawo limafuna kuti ntchito yonse ikhale ya madola 30,000 kapena kuposa, choncho mjigo umodzi sufikapo, muyenera kuphatikiza midzi ingapo.

Poyamba pitani kwa DC, mukafunse ofesi ya zamadzi yapaboma. Musathamangire kwa amfumu musanapite kumeneko. A ofesiyo ndi amene amadziwa midzi yomwe ikumwadi m'zithaphwi ndi yomwe ili kale ndi mjigo wongofuna kukonza. Boma limawerengera kuti mjigo umodzi uzitumikira anthu 250, ndipo mayi asayende mtunda wopitirira mamita 500 kukatunga. Mukagwirizana za mudzi, muonane ndi agulupu, anyakwawa ndi komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC). Chilolezo chokumbira chimachokera ku National Water Resources Authority, malinga ndi lamulo la zamadzi la 2013, ndipo wokumbayo naye ayenera kukhala wolembetsedwa kumeneko. Muuzeni akuonetseni pepala lake. Akayamba za "musadandaule bwana, timadziwana nawo", tsanzikani.

Tsopano pofika posankha malo ndi nthawi yokumba, khalani pansi, chifukwa apa ndi pomwe ife tinapsa.

Mjigo wathu woyamba tinakumbitsa mu Malichi, mvula isanathe bwinobwino. Tinali ndi changu, mlendo wolemekezeka tinali titamuitana kale. Wokumba amene tinamupeza anali wotchipa kuposa anzake onse, ndipo anati zoyeza nthaka ndi makina n'kutaya ndalama, iye amangoyang'ana mitengo ndi zulu n'kudziwa pomwe pali madzi. Anyakwawa nawo analoza malo pafupi ndi nyumba yawo, pamtunda. Wokumbayo anayang'ana mitengo, n'kuvomera kuti madzi alidi pomwepo. Ife sitinaone chachilendo.

Tsiku lokumba panalibe wa kalabu ngakhale mmodzi, tonse tinali kuntchito. Madzulo anatumiza kanema, madzi akuthovoka, amayi akululutira. Tinamutumizira ndalama zonse zotsala usiku womwewo. Pepala lake linati wakumba mamita 45. Pofika Okutobala amayi ankapopa mpaka mikono kuwawa, madzi n'kumatuluka theka la ndowa, odera ngati thobwa, kenaka zii. Mekaniki wa m'deralo atazula mapaipi n'kutsitsa chingwe, dzenjelo silinafike ngakhale mamita 30. Munthu uja anangopeza madzi apamwamba a m'dzinja n'kuzimitsa makina, ife n'kulipira mamita omwe sanakumbidwe. Foni yake mpaka lero imangoitana.

Ndiye inu chitani izi. Kumbitsani m'chilimwe, kuyambira Ogasiti mpaka mvula isanayambe, pamene madzi apansi atsikiratu. Madzi amene mwawapeza mu Okutobala ndi oti adzakhalapo chaka chonse. Komanso galimoto ya makina ija ndi yolemera, m'matope imatitimira, ndipo masiku amene yakhala m'dambo ena amakulipiritsani. Lipirani katswiri woyeza nthaka ndi makina amagetsi aja, ndipo asakhale wa kampani yokumbayo. Amudzi aloze malo atatu omwe angakonde, katswiriyo ndiye anene pomwe pali madzi. Amfumu muwafotokozere zimenezi mwaulemu pamsonkhano, anthu onse akumva, kuti pasadzakhale zoti mwawanyoza. Malowo atalikirane ndi zimbudzi, makola ndi manda, kwa zimbudzi mamita 30 ndiye ochepetsetsa, ndipo chimbudzi chisakhale kumtunda kwa mjigo. Mwini munda asainire pamaso pa amfumu kuti malowo wapereka ku mudzi, apo ayi mawa adzamangapo mpanda.

Pa mgwirizano wanu ndi wokumba palembedwe momveka kuti dzenje likapezeka louma, kukumba kwina ndi kwa ndani. Ena amalipiritsa pa mita, ena amatchula mtengo umodzi wa mjigo wotulutsa madzi. Wachiwiriwu umaoneka wodula koma mumagona tulo. Musapereke ndalama zonse. Perekani gawo poyamba, gawo lina madzi akayezedwa, ndipo kagawo kena mukasunge mpaka patapita miyezi ingapo mjigo ukugwira ntchito.

Tsiku lokumba wina atenge tchuthi. Apite ndi kope, akhale pamthunzi, aziwerenga zitsulo zokumbira pamene zikulowa pansi, atayamba wayeza yekha kutalika kwa chimodzi. Awerengenso mapaipi apulasitiki, aone kuti ong'ambidwa mizere aja, olowetsa madzi, ndi ochokera kufakitale, osati ochekedwa ndi sowo kuseri kwa galimoto. Timiyala tothira m'mbali mwa mapaipi tikhale tosefedwa, osati mchenga wokumba mumtsinje wapafupi. Mlangizi wa zamadzi wochokera kuboma akhalepo, mafuta a njinga yake yamoto mulipire ndinu, musaumire pamenepo. Akatha kukumba atsuke dzenjelo ndi mphepo mpaka madzi ayere, kenaka apope kwa maola angapo osalekeza. Ife timati ndowa ya malita 20 izidzaza isanathe mphindi imodzi ndi theka, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Madziwo atengedwe m'botolo kupita kulabotale ya boma, maka ngati mukukumba ku Chikwawa kapena Nsanje komwe ambiri amatuluka amchere.

Pampu ikani ya Afridev. Inayambira konkuno ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ndi dzina la Maldev, imakoka madzi mpaka mamita 45, ndipo zipangizo zake zimapezeka m'magolosale a pa maboma ambiri. Koma muione isanamangidwe. Pali ena amagula mitu ya mapampu obedwa m'midzi ina, n'kuipaka penti. Ndodo zake funsani zosachita dzimbiri, zotchipa zija pakatha chaka madzi amayamba kufiira ndi kununkha chitsulo.

Zotsalazo n'zodziwika. Simenti pozungulira, ngalande, dzenje lamiyala lomwera madzi otayika, pochapira, mpanda woletsa mbuzi. Njerwa, mchenga ndi miyala asonkhe amudzi. Mumjigomo muthiridwe kolorini musanayambe kumwa.

Komiti ya mjigo ikhale ya anthu khumi, amayi achuluke, iphunzitsidwe kusintha malabala a m'pampu, ndipo khomo lililonse lizisonkha kangachepe pamwezi. Ndalamazo zisamagone kwa munthu mmodzi, kwathu anaziika ku banki mkhonde. Nambala ya mekaniki wa m'dera ilembedwe pa simenti isanaume. Za mwambo wotsegulira muona nokha, ife wachitatuwu tinangogula Sobo ndi mabanzi.